Kutchire kwa Niassa nako munthu amatopa ndi mnzake

Mu Malichi 2025 nyuzipepala ya Sunday Times ya ku South Africa inatulutsa nkhani imene inadzidzimutsa anthu. Uthenga wa pa imelo unali utachokera ku SANAE IV, malo ofufuzirako za sayansi amene dziko la South Africa linamanga ku Antarctica, mtunda wa makilomita oposa 4,000 kumwera kwa Cape Town. Wolemba uthengawo anali mmodzi mwa anthu 9 amene anatumizidwa kukakhala kumeneko kopitirira chaka. Ankadandaula kuti mnzawo wina wamenya mtsogoleri wa gulu ndipo waopseza kuti apha munthu. Nduna ya zachilengedwe ya nthawiyo, a Dion George, inafotokoza kuti mkanganowo unabuka pa nkhani ya ntchito, mtsogoleri atafuna kusintha ndondomeko chifukwa cha nyengo. Palibe amene anakatengedwa. Akatswiri a zamaganizo anayamba kulankhula ndi gululo ali kutali, woganiziridwayo analemba kalata yopepesa, ndipo anthu 9 aja anapitiriza kudyera pa tebulo limodzi, mdima wa miyezi yachisanu ukuyandikira.

Munthu wa ku Mandimba amene anaimva nkhaniyi, kaya pa wailesi kaya kwa m'bale wake wa ku Joni, mwina anaiona ngati ya kutali, ya anthu a kumadzi oundana. Komatu mwezi womwewo, mvula isanakate, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique munali timagulu tambirimbiri ta anthu atatu, asanu, asanu ndi awiri, totsekerezedwa ndi matope ndi mitsinje yosefukira: alonda a nyama m'nkhalango, anamwino m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi, aphunzitsi a m'masukulu a kuseri kwa mapiri a Ngauma, apolisi olondera malire. A ku SANAE anali ndi imelo, nduna ndiponso akatswiri owamvetsera. Wa ku Niassa akafika potopa ndi anzake, nthawi zambiri amangomeza.

Kutopetsana kwa anthu ochepa okhala kwaokha ndi ngozi ya pantchito, monga mmene kulumidwa ndi njoka kulili ngozi ya wolima m'dimba. Kumadziwika mmene kumayambira, ndipo kungathe kukonzekeredwa. Maiko amene amatumiza anthu ku Antarctica anaphunzira zimenezi movutika, kwa zaka zoposa 120, ndipo Niassa sakuyenera kuziphunziranso mwa njira yowawa yomweyo.

Phunziro loyamba linachokera m'sitima yotchedwa Belgica. Inanyamuka ku Antwerp m'dziko la Belgium mu Ogasiti 1897, motsogozedwa ndi Adrien de Gerlache. Pofika kuchiyambi kwa Malichi 1898 inali itagwidwa ndi madzi oundana m'nyanja ya Bellingshausen, ndipo sinamasuke mpaka Malichi 1899. Amuna 18 amene anali m'menemo ndiwo anali oyamba kutha nyengo yonse yachisanu ku Antarctica, chonsecho sanakonzekere. Chapakati pa Meyi dzuwa linalowa, osatulukanso mpaka chakumapeto kwa Julayi.

Chakudya chawo chinali cham'zitini chokhachokha, choncho chiseyeye sichinachedwe: nkhama kutupa, miyendo kulemera, mtima kugunda mosalongosoka. Emile Danco, mmodzi mwa ofufuza, anamwalira mu Juni. Mmalinyero wina, Jan Van Mirlo, anasiya kumva ndi kulankhula kwa kanthawi, thupi lake lili lopanda bala lililonse. Wina, Adam Tollefsen, anayamba kukhulupirira kuti anzake akupangana zomupha, n'kumakabisala m'malo ozizira a m'sitima, ndipo mutu wake sunabwererenso mwakale. Otsalawo anafika ponyansidwa ndi nkhope za anzawo, nthano za anzawo, ngakhale katafunidwe ka anzawo. Dokotala wa m'sitimamo, Frederick Cook wa ku America, anali atakhalako pakati pa anthu a mtundu wa Inuit ku Greenland, ndipo anaona kuti iwo sadwala chiseyeye chifukwa amadya nyama yongophedwa kumene. Anakakamiza anzake kudya nyama ya mbalame za penguin ndi ya akatumbu a m'nyanja, ngakhale kuti de Gerlache poyamba ankaikana. Odwala ankawaimika ali osavala pafupi ndi mbaula yoyaka, kuti thupi lilandire kutentha ndi kuwala kumene dzuwa linkawamana. Ankawatulutsanso kunja kuti aziyenda mozungulira sitima, afune asafune. Pang'ono ndi pang'ono anthu anatsitsimuka. Mnyamata amene ankathandizana kwambiri ndi dokotalayu, Roald Amundsen, anazisunga zonsezi mumtima, ndipo mu Disembala 1911 iye ndi gulu lake anakhala oyamba kufika pa South Pole.

Cook analibe buku lomuuza zochita, koma anaona chinthu chimene ofufuza anadzachitsimikiza pambuyo pake: maganizo a munthu wotsekerezedwa amadalira zimene akudya, tulo take, kuwala, kuyenda, ndi amene wakhala naye.

M'zaka za m'ma 1960 katswiri wa zamaganizo wa gulu lankhondo lapamadzi la America, Eric Gunderson, anafufuza amuna ambiri amene ankakhala ku Antarctica nyengo yachisanu. Anapeza kuti amene amakwanitsa bwino amakhala ndi zinthu zitatu: kudziwa ntchito yake, mtima wokhazikika, ndi kutha kukhala ndi anzake. Chachitatuchi ndiye chimene olemba anthu ntchito amachinyozera, popeza sichioneka pa satifiketi. Mu 2008 a Lawrence Palinkas ndi a Peter Suedfeld anasonkhanitsa zimene zinali zitadziwika n'kuzilemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Zizindikiro zake n'zofanana pafupifupi kulikonse: kusowa tulo, kupsa mtima msanga, kukhumudwa, kuiwalaiwala, kuyambana pa zinthu zazing'ono. Ambiri zimawagwira pang'ono n'kuwasiya, koma anthu pafupifupi 5 pa 100 alionse amafika podwala ndithu. Ofufuza ena, monga a Robert Bechtel ndi a Amy Berning mu 1991, ananenanso kuti nthawi yoopsa kwambiri imakhala theka la ulendo likangodutsa, pamene chidwi cha poyamba chatha koma tsiku lobwerera kwawo likadali kutali. Si kafukufuku yense amene anapeza chimodzimodzi, komabe atsogoleri a magulu amaiyang'anitsitsa nthawi imeneyo.

Ku Concordia, malo a France ndi Italy amene ali pamwamba pa madzi oundana mamita oposa 3,200, anthu osapitirira 16 amakhala miyezi pafupifupi 9 popanda ndege yotera kapena yonyamuka, kuzizira kukumafika madigiri 80 pansi pa ziro. Ku Neumayer III, malo a Germany, kafukufuku wofalitsidwa mu 2019 anayeza ubongo wa kagulu kamene kanakhalako miyezi 14, ndipo anapeza kuti kagawo kena kothandiza kukumbukira kanachepa ndi pafupifupi 7 peresenti. Anthu oyezedwawo anali ochepa, choncho si bwino kuikuza nkhaniyi mopitirira. Komabe ikuonetsa kuti kusungulumwa ndi kuona zinthu zomwezomwezo tsiku ndi tsiku kumasiya chipsera m'thupi lenilenilo.

Tsono Niassa. Mtsinje wa Lugenda, umene umayambira pa nyanja ya Amaramba kufupi ndi Mandimba, ukatsetsereka chakumpoto chakum'mawa umakadutsa pakati pa Reserva Especial do Niassa, nkhalango yotetezedwa ya masikweya kilomita oposa 42,000. Kukula kwake kumaposa chigawo chonse chakumwera cha Malawi. Likulu lake lili ku Mbatamila, m'boma la Mecula, ndipo kuyambira 2012 bungwe la boma la ANAC lakhala likuiyang'anira mogwirizana ndi bungwe la Wildlife Conservation Society. Dera lalikulu choncho sililonderedwa muli mu ofesi. Limalonderedwa ndi mafisikali, amuna ndi amayi amene amakhala m'timisasa ta kutali, n'kumayenda wapansi masiku angapo motsatana atasenza ufa, nyemba, nsomba zouma, madzi ndi mfuti.

Amene amadziwa moyo wa msasa wotere amadziwanso kumene mikangano imayambira. Siyambira pa mkango. Imayambira pa shuga amene watha msanga, pa munthu amene sakatunga madzi ikafika nthawi yake, pa foni ya ndani imene iyambe kutchajidwa pa kasola kamodzi kamene kalipo. Wina wakwera phiri kukasaka netiweki, wamva kuti mwana akudwala kunyumba, wabwera ali duu, ndipo madzulo mnzake akamuseka pang'ono, moto wabuka. Kashembe amaluma masana, udzudzu usiku, kutentha kwa Okutobala ndi Novembala sikugonetsa tulo. Mvula ikakhazikika, galimoto yobweretsa chakudya imatha kukanika kuwoloka mtsinje. Febuluwale, mwezi umene nkhokwe za kumudzi zimakhala zitapepuka ndipo uthenga uliwonse wochokera kunyumba umakhala wopempha ndalama, ndi mwezi womwewo umene msewu umakhala utaduka.

Pali zinthu ziwiri zimene zimachititsa kuti katundu wa fisikali alemere kuposa wa wofufuza wa ku Antarctica. Choyamba, aliyense pa msasapo ali ndi mfuti, kapena ali pafupi nayo, choncho mkangano wa shuga sufunika kuulekerera. Chachiwiri, kunja kwa msasa kuli anthu ofuna kumupha. Njovu za m'nkhalangoyi zinatsika kuchoka pa pafupifupi 12,000 mu 2011 kufika pa zosakwana 4,000 mu 2016 chifukwa cha opha nyama mozembera okhala ndi mfuti zankhondo. Mu Juni 2019 kunalengezedwa kuti patha chaka chathunthu osapezeka njovu yophedwa ndi anthu amenewa, ndipo dziko lonse lapansi linayamikira. Chipambano chimenecho chinadutsa pa mapazi a anthu ogona kutchire. Kenako kunabwera zigawenga zochokera ku Cabo Delgado. Chakumapeto kwa 2021 zinaukira midzi ya m'boma la Mecula, ndipo mu Epulo 2025 zinaukira msasa wa Kambako, n'kudzafikanso ku Mariri, malo ophunzitsirako za chilengedwe a Niassa Carnivore Project, kumene alonda awiri anaphedwa. Anzawo a alonda amenewo akadali pantchito. Munthu amene anaika mnzake m'manda kenako n'kubwerera kumsasa wa anthu asanu, usiku akumva kaphokoso kalikonse, akusenza chinthu chimene yunifolomu yatsopano siingachichotse.

Kafukufuku amene bungwe la WWF linafalitsa mu 2016, atafunsa alonda a nyama 570 m'maiko 12 a mu Africa, anapeza kuti 82 pa 100 alionse anakumanapo ndi zoopsa zoika moyo wawo pachiswe. Ambiri ananenanso kuti amaonana ndi mabanja awo masiku osapitirira 10 pamwezi.

Kumwera kwa Niassa kuno kulibe njovu zambiri zolondera, koma timagulu totsekerezedwa tilipo. Phula la msewu wa N13 lafupikitsa ulendo wa Cuamba, Mandimba, Massangulo mpaka Lichinga, ndipo ndani angadandaule? Kungoti munthu akapatuka pa phulapo n'kulowa m'kati makilomita makumi angapo, nthawi ya mvula amapeza dziko lina. Namwino wa amayi ndi ana pa kachipatala ka kumudzi amagogodedwa usiku uliwonse umene mayi wayamba kubereka, ndipo amene angamulandire ntchito palibe. Mphunzitsi wongomaliza kumene maphunziro, wochokera ku Nampula kapena ku Zambézia, amafika pa sukulu imene makolo onse amalankhula Chiyao, iye osamva n'kamodzi komwe. Anthu amuzungulira, koma wocheza naye ndi aphunzitsi anzake awiri okha, amene amagwira nawo ntchito, kudya nawo, ndi kugona nawo nyumba imodzi. Akayambana ndi mmodzi, watsala ndi mmodzi. Ena amathawira ku kachasu. Ena amangosowa Lachinayi n'kudzaoneka Lachiwiri, ndipo akuluakulu amalemba kuti ndi aulesi, osafunsa chimene akuthawa.

Chopweteka kwambiri n'chakuti wa ku Antarctica amadziwa nthawi yobwerera. Sitima ya S.A. Agulhas II imanyamuka ku Cape Town nyengo yotentha ya chaka chilichonse, ndipo munthu amatha kuwerenga miyezi pa kalendala. Mphunzitsi kapena namwino wa kumudzi kwenikweni nthawi zambiri sadziwa ngati adzasamutsidwa pakatha zaka ziwiri kapena khumi. Ndiponso Niassa ali ndi mbiri imene imawonjezera ululu. Mu 1983, pa ntchito imene boma linaitcha Operação Produção, anthu masauzande anatengedwa m'mizinda ya Maputo ndi Beira n'kudzatayidwa m'chigawo chino, akuti chifukwa analibe ntchito yodziwika. Kuyambira kale, kutumizidwa kutali kwakhala kukumveka ngati chilango. Munthu amene akuona kuti walangidwa sapirira mofanana ndi amene akudziwa kuti wasankhidwa, ali ndi nthawi yake, ndipo akadzamaliza adzalemekezedwa.

N'chifukwa chake chinthu choyamba chofunika, chimenenso sichidya ndalama zambiri, ndi tsiku losinthana lodziwika ndi losungidwa. Fisikali akauzidwa kuti adzalandiridwa pa 20, galimoto ifike pa 20, ndipo ngati mtsinje wadzaza, auzidwe pa wailesi yolumikizirana tsiku lomwelo, pamodzi ndi tsiku latsopano. Munthu amapirira zambiri ngati akuona mapeto ake. Frank Wild, amene anasiyidwa ndi amuna 21 pa chilumba cha Elephant ku Antarctica mu 1916 pamene mtsogoleri wawo Ernest Shackleton anapita kukafuna thandizo, analibe tsiku loti awauze, choncho ankawadzutsa n'kuwauza kuti amange katundu chifukwa mwina bwana afika lero. Anadikira miyezi yoposa inayi, ndipo pa 30 Ogasiti onse anapulumutsidwa. Akuluakulu a ku Lichinga, Mecula ndi Cuamba ali ndi mwayi umene Wild analibe: tsikulo angathe kulilemba okha.

Chachiwiri ndi mtsogoleri wa kagulu. Shackleton amakumbukiridwa chifukwa sitima yake ya Endurance itaphwanyidwa ndi madzi oundana mu 1915, amuna onse 28 anabwerako amoyo. Njira zake zinali zapafupi kwambiri moti mkulu wa msasa aliyense angathe kuzitsata mawa lomwe. Asayansi ndi akuluakulu ankakolopa nawo pansi. Anthu amene ankaoneka kuti angathe kusokoneza anzawo ankawagoneka mu tenti yake, kuti madandaulo awo azithera kwa iye. Pa ulendo wake wa 1908 mpaka 1909, chakudya chikachepa, ophika ankagawa magawo, mmodzi n'kutembenuka kuyang'ana kumbali, wina n'kuloza gawo ndi kufunsa kuti ndi la yani, wotembenukayo n'kutchula dzina asakuona. Palibe amene akanati wakonderedwa. Mkulu wa msasa amasankhidwa kawirikawiri chifukwa cha zaka zimene wagwira ntchito kapena luso lotsata mapazi a nyama. Ayenera kuphunzitsidwanso kuona munthu amene wasiya kudya ndi anzake, amene sakugona, amene wayamba kulankhula yekha, ndi kudziwa koti anene zimenezo. Ndipo pazikhala njira ina yodandaulira yosadzera kwa mkuluyo, chifukwa nthawi zina vuto limakhala iye amene.

Palinso chinthu chimodzi chimene wailesi za kuno zingathe kutengera mosavuta. Chaka chilichonse pa 21 Juni, pakati penipeni pa mdima, malo onse a ku Antarctica amachita phwando: amaphika chakudya chapadera, amapatsana mphatso zopanga okha, amatumizirana moni. Wailesi ya BBC imaulutsa pologalamu yapadera ya anthu owerengeka a ku Britain amene ali kumeneko, yokhala ndi mawu a akazi awo, amuna awo ndi ana awo. Rádio Moçambique ku Lichinga imaulutsa kale m'Chiyao, Chinyanja ndi Chimakuwa, ndipo Mandimba ndi Cuamba ali ndi wailesi zawo za m'dera. Theka la ola pa sabata m'miyezi ya mvula, lotumizira moni kwa amene ali m'misasa, m'zipatala ndi m'masukulu a kutali, silingagwetse bajeti ya wailesi iliyonse.

Ena adzati anthu a kuno anazolowera kutchire, ndipo mwamuna salira. Kuzolowera kulipodi, ndipo ofufuza a ku Antarctica nawo anapeza kuti ambiri amabwerako atalimba mtima, akudzidalira kuposa kale. A Palinkas anapeza kuti asilikali apamadzi a ku America amene anakhalako nyengo yachisanu sankagonekedwa m'chipatala kawirikawiri pambuyo pake poyerekeza ndi anzawo amene sanapite. Koma amenewo anali odzipereka okha, oyezedwa asanapite, odyetsedwa bwino, ndiponso olipidwa pa nthawi yake. Kulimba kumene kumabwera munthu akasamalidwa sikungakhale chifukwa chomusiyira yekha. Za kusalirako, anamwino ambiri a kumidzi ndi atsikana a zaka za m'ma 20, ndipo amuna amene salirawo ndi omwe amabwera kunyumba pa tchuthi n'kuyamba kukalipira ana popanda chifukwa.

Ena adzati ndalama palibe, pamene aphunzitsi akhala akudandaula kwa zaka za malipiro a maola owonjezera. N'zoona. Koma Mozambique ili ndi chuma chimodzi: kuyambira 1996 yakhala ikuphunzitsa matekiniko a matenda a maganizo, amene tsopano amapezeka m'zipatala za m'maboma. Anthu amenewa alipo kale ndipo amalandira kale malipiro. Chimene chikufunika n'chakuti kagulu kalikonse kobwera kuchokera kutali, makamaka kamene kaona imfa, kazikhala nawo pansi kasanabalalikire kunyumba, ndipo nambala ya foni ya tekinikoyo izikhala yolembedwa pakhoma la msasa ndi la kachipatala. Kukaonana naye kuzikhala lamulo la aliyense, kuti wopita kumeneko asamalozedwe chala kuti wazungulira mutu.

Mabungwe a kunja amene amathandiza nkhalango ya Niassa amapeza ndalama za ndege, makolala a njovu ndi mawailesi. Apeze zochepa zoonjezera za mtima wa munthu wonyamula wailesiyo. Maofesi a zamaphunziro ndi zaumoyo a Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, nawo, angathe kuyamba ndi kulemba m'kalata yotumizira munthu kumudzi wakutali kuti akakhalako zaka zingati, ndi kupewa kutumiza wongoyamba kumene ntchito yekhayekha kumene sadziwa chilankhulo. Ndandanda ya osinthana ya nyengo ya mvula iyenera kulembedwa mu Okutobala, misewu ikadali youma ndi chakudya cha miyezi inayi chikadatheka kufikitsidwa, ndipo kope lake liperekedwe kwa wopitayo ndi kwa banja lake lotsala ku Mecula, Marrupa kapena Cuamba.